Uthenga Wopita Dzulo

Uladi anali mmisiri womanga nyumba wa ku Ntaja, m'boma la Machinga. Ku Joni anali atakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, akugona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Atteridgeville pamodzi ndi mnzake wakumudzi, Yakubu. Ntchito ankaipeza ku Montana, kumene anthu satopa kukweza mipanda ndi kuwonjezera zipinda. Kumudzi ankapitako kamodzi pachaka, ndipo ulendo womaliza anasiya mkazi wake Hadijah ali woyembekezera, patatha zaka zisanu ndi zinayi akudikira mwana.

Lachiwiri lina m'mwezi wa Malichi, ali pamwamba pa khoma, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Hadijah.

"Bambo, kuyambira m'mamawa ndikuona magazi pang'ono. Mvula yagwa masiku atatu, anthu akuti mtsinje wa Lifune wadzaza. Jabir wa kabaza ali panjapa. Ndiwoloke ndipite kuchipatala, kapena ndidikire mawa?"

Uladi sanazengereze. Anapukuta simenti kuchala n'kulemba kuti: "Wolokani, musachedwe."

Patapita mphindi makumi awiri, munthu wina anaponya kanema pa gulu la pafoni la anthu akumudzi. Mtsinje unali utafiira, utanyamula mitengo ndi mizu yomwe. Uladi anatsika pakhoma ngati wagwa. Anaimbira Hadijah, foni sinalowe. Analemba: "Musawoloke! Bwererani!" Uthengawo unaima ndi tiki imodzi, kusonyeza kuti sunafike. Anaimbira mlongo wake, anaimbira shehe wa pamudzi, koma netiweki inali itathawa dera lonselo. Tiki yachiwiri inabwera cha m'ma folo koloko madzulo. Thupi la Hadijah linapezeka m'mabango m'mawa mwake, ndipo anaikidwa tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu. Basi yochokera ku Joni imatenga masiku awiri. Uladi sanapite, ndipo kuyambira pamenepo sanayankhenso foni iliyonse yochokera kumudzi.

M'mwezi wa Juni, kukuzizira moti matope ankaluma m'manja, anapeza ntchito yomanga mpanda kwa mayi wina wa ku Zomba, Dokotala Leticia. Sanali dokotala wa odwala. Ankaphunzitsa sayansi pa yunivesite ina mumzindamo, ndipo kafukufuku wake anali wa kuwala. Loweruka lililonse m'mawa ankakhala pakhonde ndi kompyuta n'kumacheza ndi ophunzira a sekondale a ku Malawi, akuwafotokozera sayansi m'Chichewa. Uladi ankangomva mawu osalabadira, mpaka tsiku limene wophunzira wina anafunsa ngati kuli chinthu chothamanga kuposa kuwala.

"Palibe chomwe tikuchidziwa," anatero Leticia. "Kuwala kumayenda makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Foni, wailesi, intaneti, zonsezi sizingapose pamenepo. Ndipo mukudziwa chodabwitsa? Masamu amasonyeza kuti kukanakhala njira yotumizira uthenga mothamanga kuposa kuwala, bwenzi tikutha kuutumiza lero n'kukafika dzulo. Yankho likanafika funso lisanafunsidwe."

Ophunzira aja anaseka. Uladi anaika njerwa pansi, naima chilili mpaka matope anauma pa mpeni wake womangira.

Leticia atatseka kompyuta, anamuona ataima m'munsi mwa khonde, chisoti chili kumanja.

"Amayi, pepani. Ndamva zomwe mumauza ana aja. Mwati uthenga ukhoza kufika dzulo?"

"Ndati kukanakhala njira, achimwene. Koma kulibe."

"Koma masamu avomera."

"Masamu akungonena zomwe zikanachitika. N'chifukwa chake ambirife timakhulupirira kuti njirayo singakhalepo."

"Ngati ungafike dzulo," anatero Uladi, "ndiye kuti ungafikenso Malichi?"

Leticia anatsala pang'ono kuseka, koma atayang'ana nkhope yake analeka. Uladi anatulutsa foni yong'aluka galasi n'kumupatsa. Leticia anamvera mawu a Hadijah, anawerenga mauthenga awiri aja, anaona ndi nthawi zake. Kenako anamubwezera foniyo.

"Pepani kwambiri," anatero. "Khalani pansi, achimwene. Uthenga wanu wachiwiri sunachedwe chifukwa cha liwiro. Kuchoka pano kukafika ku Ntaja, kuwala kumafika diso lisanaphethire. Chinavuta ndi netiweki yomwe inagwa ndi mvula."

"Zimenezo ndikudziwa. Ine sindikufuna wothamanga. Ndikufuna wofika ndisanalembe woyamba uja. Liwu limodzi lokha, Amayi. Sindipempha kuti andiyankhe."

"Sizingatheke."

"Mwayesa?"

"Anthu anzeru kuposa ine ayesa zaka zambirimbiri."

Uladi anavala chisoti n'kubwerera kumpanda. Leticia anaganiza kuti nkhani yatha.

Lolemba Uladi anafika kusanache bwino, nadikira pageti mpaka Leticia atatuluka ndi galimoto. Anafunsanso funso lomwe lija. Lachiwiri anabwera ndi kanema yemwe anapeza pa intaneti, wa munthu wina wolankhula mokuwa za tizinthu tiwiri tomwe timamvana nthawi yomweyo ngakhale kena katakhala kuno kena kumwezi. Lachitatu anabwera ndi chithunzi cha patsamba la yunivesite: Leticia ataima pambali pa tebulo lodzaza magalasi, m'munsi mwake mutalembedwa dzina la sayansi yomwe ija ya mu kanema.

"Si inu awa?" anafunsa. Analoza chithunzicho ndi chala. "Makina muli nawo. Mukungondikaniza chifukwa ndine wa matope, sindinapite kusukulu."

Mawuwa anamupweteka Leticia. Anaonanso kuti munthuyo watha thupi; ovololo inkangolendewera, ndipo chakudya chomwe ankamuikira masana ankachibweza chosakhudza. Anaganiza kuti munthu wogwira ntchito ndi manja amakhulupirira chomwe wagwira ndi manja.

"Loweruka likubwerali tipite limodzi," anatero. "Mukaone nokha."

Labu yake yochitiramo kafukufuku inali m'chipinda cha pansi chopanda mawindo. Pakati panali tebulo lalikulu lachitsulo, pamwamba pake timagalasi tambirimbiri toimikidwa pa timiyendo, ndi kakuwala kopyapyala ngati ulusi kakudumpha kuchoka pa galasi ili kupita pa lina. Uladi anavula nsapato pakhomo asanauzidwe.

"Musakhudze kanthu," anatero Leticia. "Magalasi awa tawakonza miyezi inayi. Onani apa. Kuwala kukalowa m'kamwala aka, mumatuluka timadontho tiwiri ta kuwala tobadwa limodzi. Tinene kuti ndi mapasa. Kena kamapita ku bokosi ili, kena ku bokosi ilo. Tikayeza kamodzi, timadziwiratu chomwe kanzake kasonyeze, ngakhale katakhala kutali chotani."

"Ndi zomwe ananena munthu uja!"

"Dikirani." Leticia anatulutsa zitsekerero ziwiri za botolo m'dirowa n'kumupatsa chimodzi. "Tiyerekeze kuti izi ndi mapasa. Inu muli kuno, ine ndili ku Ntaja. Tonse tikuponya m'mwamba. Chanu chikagwa chagada, changanso chagada. Chanu chikagwa chafufumimba, changanso chimodzimodzi. Nthawi zonse. Tsopano nditumizireni uthenga. Tigwirizane kuti chagada ndiye kuti musawoloke."

Uladi anaponya. Chinagwa chafufumimba. Anaponyanso. Chafufumimba. Kachitatu chinagwa chagada.

"Ine ku Ntaja ndaona kawiri wolokani, kamodzi musawoloke," anatero Leticia. "Ndimvere ziti? Simukusankha inu mmene chigwere. Chikugwa mmene chafunira."

Uladi anatola chitsekererocho n'kuchikhazika chagada ndi dzanja, nachipanikiza ndi chala. "Ndachiika ndekha."

"Mukachiika ndi dzanja, upasa watha. Changa chigwa mwa icho chokha, osamvanso za chanu. Ndi mmene timadontho iti timachitira. Ndipo ine ku Ntaja sindingadziwe ngakhale zoti inu mwaponya. Ndimangoona chikugwa uku ndi uku. Kuti tidziwe kuti zimafanana, mpaka mundiimbire foni wamba tiyerekeze zomwe talemba. Foniyo singapose kuwala."

Anamusonyeza pa kompyuta mizere iwiri ya manambala, 0 ndi 1, ikutsika mosaleka, yofanana mbali zonse. Anamulola kutembenuza kachitsulo kamodzi ka pa bokosi loyamba, n'kumuuza kuti ayang'anitsitse manambala a bokosi lachiwiri lokha. Uladi anatembenuzira kumanja, kumanzere, pang'onopang'ono, kenako mwamphamvu. Manambala a bokosi lachiwiri ankangogwa ngati madontho a padenga lodontha, opanda dongosolo, osasonyeza kuti kuli munthu akuchita kanthu kwina.

"Mwina mphamvu yachepa," anatero Uladi. "Mukawonjezera magetsi?"

"Si magetsi, achimwene. Ngakhale titatenga magetsi a Joni yense."

"Mwina ku Amereka."

"Ngakhale kumeneko. Makina awo ndi aakulu kuposa awa, koma yankho ndi lomweli."

Uladi anayang'ana kakuwala kaja nthawi yayitali. Potuluka anathokoza mwaulemu. Leticia anamusiya pokwerera matekisi a ku Atteridgeville ali ndi mtima woti wachita bwino.

Lachisanu lotsatira Uladi sanabwere kuntchito. Cha m'ma wani koloko masana, Leticia ali m'kalasi, mkulu wa alonda a pa yunivesite anamuimbira kuti atsike msanga ku labu.

Anapeza chitseko chitathyoledwa ndi alonda. Uladi anali atalowa pageti m'mawa pakati pa amisiri ena omwe ankakonza denga, ovololo yake yofanana ndi yawo. Anadikira m'khonde mpaka anthu obweretsa katundu atasiya chitseko cha labu chotsegula, nalowa n'kudzitsekera mkati. Alonda anati anakhalamo pafupifupi ola lathunthu. Ankamumva akufuula, pakamwa ataika pa bokosi lija: "Hadijah, musawoloke! Ndine Uladi! Musawoloke!" Uladi ataona kuti palibe chikusintha, anayamba kutembenuza chilichonse chotembenuzika. Magalasi onse anali atayang'ana kosiyanasiyana. Kamwala kaja kanali pansi, katasweka pakati.

Leticia anawerama n'kutola zidutswa za kamwalako. Miyezi inayi ya ntchito, ndi kafukufuku wa ophunzira ake awiri omwe ankayenera kumaliza chaka chomwecho.

Uladi anali mu ofesi ya alonda, atakhala pansi, manja atamangidwa kumbuyo, mlomo ukutuluka magazi. Leticia analowa ali wokwiya kwambiri.

"Ndinakuuzani! Ndinakusonyezani ndi maso anu! Mukudziwa chomwe mwaphwanya?"

"Ndimati mwina munaiwala penapake," anatero Uladi, mawu atasasa. "Ndimati mwina akamva mawu anga enieni."

Mkulu wa alonda ananena m'Chingerezi kuti munthuyo alibe chiphaso chokhalira m'dziko, ndipo aitana apolisi. Leticia ankadziwa tanthauzo lake: chitolokosi, kenako miyezi kumalo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo. Anayang'ana munthu wakhala pansiyo. Mmene analilimu, sakanatuluka wamoyo kumeneko.

"Musaitane," anatero. "Ndinamulowetsa muno ndine Loweruka, popanda chilolezo. Ndinamusonyeza chitseko ndi makina. Mkazi wake anamwalira, mutu wake sukuyenda bwino. Lembani dzina langa. Ndikayankha ndine."

Anakangana nthawi yayitali. Pomaliza mkulu uja analemba zonse, Leticia anasaina, ndipo anamasula Uladi atamuchenjeza kuti akadzaonekanso pageti sadzafunsanso munthu. M'foni ya Uladi, Leticia anapeza nambala ya Yakubu n'kumuimbira. Yakubu anafika pa tekisi atavala mkanjo woyera, akuchokera ku swala ya Ijumaa, mapemphero a Lachisanu.

Anakhala atatu pa benchi kunja kwa geti. Mphepo inali yozizira ngakhale dzuwa linkawala. Leticia anafotokoza zomwe zachitika. Yakubu anagwira kumutu.

"Eish, Che Uladi. Miyezi itatu ndikukupemphani kuti mulankhule ndi Jabir. Mnzathuyo sagona, amandiimbira sabata iliyonse. Lero mumumva, mufune musafune."

"Sindifuna kumva mmene anafera."

"Mwaphwanya makina a eni ake, mayi awa aika ntchito yawo pamoto chifukwa cha inu. Mumumva."

Anaimba n'kukweza mawu a foni. Jabir, wa kabaza uja amene ananyamula Hadijah, anayankha msanga. Atamva kuti Uladi ali pomwepo, anayamba wapereka salamu.

"Che Uladi, ndikhululukireni. Ndakhala ndikufuna ndikuuzeni ndekha. Titafika pamtsinje ine ndinakana. Ndinati, Mayi, apa sitiwoloka, tibwerere. Koma potsika panjinga ndinaona kuti magazi achuluka. Si aja pang'ono ananena kunyumba ayi. Chitenje chonse chinali chitanyowa, mpando wa njinga womwe. Iwo anauona mtsinje ndi maso awo monga ndinauonera ine. Anati, 'Jabir, ndikabwerera ndikafera pamphasa, ine ndi mwanayu. Chipatala ndi icho, denga likuoneka.' Ndinati tiimbire bambo, anati netiweki palibe, ndipo ngakhale bambo atakana ine ndiwoloka. Ananena choncho, Mulungu ndi mboni. Tinagwirana manja ndi amuna ena awiri, tinafika mpaka pakati. Ndiye kunabwera mtengo."

Kenako Jabir anapitiriza.

"Namwino wa pachipatala paja anabwera pamaliro. Amayi osambitsa thupi atamufotokozera, anati ndi magazi amene aja, akanakhala kunyumba sakanafika mawa lake. Anthu onse kuno akudziwa zimenezi. Inu nokha ndi amene simunamve."

Foni itaduka, Uladi anapisa m'thumba la pachifuwa n'kutulutsa kapepala kong'ambidwa ku thumba la simenti. Anali atalembapo ndi pensulo ya ukalipentala liwu limodzi, loti akalowetse m'makina: musawoloke. Analiyang'ana, kenako anayang'ana Leticia.

"Amayi, makina aja akanagwira, ndikanatumiza ili. Akanabwerera kunyumba." Anayang'ananso kapepalako. "Akanafera pamphasa."

Uladi anafumbata kapepala kaja n'kupitiriza.

"Ndiye ndikanalemba chiyani? Wolokani, afa. Musawoloke, afa. Inu mwaphunzira, tandiuzani. Ndikanalemba chiyani?"

"Sindikudziwa, achimwene," anatero Leticia. "Zimenezo sindinaphunzire."

Uladi anatsetsereka pa benchi n'kukhala pansi pa simenti, nayamba kulira mokweza, koyamba chimwalirire mkazi wake. Ophunzira odutsa ankapatuka. Yakubu anagwada n'kumugwira mapewa, akunena mawu a pemphero motsitsa, mkanjo wake woyera ukuda ndi fumbi. Analira mpaka mawu anatha. Kenako Leticia anawanyamula onse pa galimoto mpaka ku Atteridgeville, ndipo Yakubu anati sabata imeneyo sapita kuntchito, akhala naye.

Leticia anaitanidwa ndi akuluakulu a yunivesite kawiri. Anamupatsa kalata ya chenjezo n'kumulanda udindo woyang'anira labu kwa chaka chimodzi. Kamwala katsopano kanafika mu Sepitembala, ndipo mmodzi mwa ophunzira ake anachedwa kumaliza ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mpaka lero Leticia ndi wophunzirayo salankhulana bwino. Mpanda unamalizidwa ndi mmisiri wina wa ku Soshanguve.

Uladi anakwera basi yopita ku Malawi kumayambiriro kwa Ogasiti. Yakubu akuti Uladi anafikira kumanda asanalowe m'nyumba, ndipo anakhala kwa mlongo wake miyezi iwiri asanalimbe mtima kutsegula chitseko cha nyumba yake. Ku Joni sanabwererenso. Amalima mpunga pang'ono, ndipo nthawi zina amamanga zimbudzi ndi makhitchini a anthu pamudzi. Thupi linabwerera, koma salankhula kwambiri.

Sanachire kwenikweni. Pakatha miyezi itatu kapena inayi, Leticia amalandira uthenga wochokera ku Ntaja. Umayamba ndi moni waulemu ndi kupepesa za makina aja, kenako funso: kodi anzanu asayansi aja sanapezebe njira? Ulendo wina analemba kuti tsopano akudziwa chomwe akanatumiza. Akanauza Hadijah kumayambiriro kwa Febuluwale, mtsinje usanadzaze, kuti apite akadikirire kuchipatala komweko, tsidya lina la mtsinje.

Leticia anawerenga uthengawo ali mu ofesi, natseka chitseko. Anaganiza zomulembera kuti asayansi akuyesabe, mwina tsiku lina, kuti munthuyo akhale ndi chogwira. Analemba, nafufuta. Kenako anayankha kuti ayi, achimwene, sanapeze, ndipo iye sakhulupirira kuti adzapeza. Anafunsanso za mpunga, ngati madzi akwana chaka chino.

Uladi anayankha tsiku lomwelo kuti madzi akwana, koma mbalame zachuluka.